Lyman-alpha, kuwala kumene haidirojeni amabala n'kukugwiranso yekha

Mu 1967 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Princeton ku America, Bruce Partridge ndi Jim Peebles, analemba kuti milalang'amba yakale kwambiri siyenera kuvuta kuipeza. Mfundo yawo inali yomveka. Mlalang'amba umene wangoyamba kumene kubala nyenyezi umakhala ndi nyenyezi zambiri zikuluzikulu, zotentha koopsa, ndipo nyenyezizo zimakhala pakati pa mitambo ya mpweya wa haidirojeni. Ziwirizi zikakumana pamabadwa kuwala kwa mtundu umodzi kwamphamvu zedi, kumene asayansi amakutcha Lyman-alpha. Malinga ndi masamu awo, mwa magawo 100 a kuwala konse kwa mlalang'amba wotere, magawo 6 kapena 7 akanatulukira mu mtundu umodzi wokhawu. Chinatsala n'kuloza matelesikopu kumwamba basi.

Anthu analozadi, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 ankabwerera chimanjamanja. Apa ndi apo kuwalaku kunkaoneka pafupi ndi ma quasar (pakati powala koopsa pa milalang'amba ina) ndi milalang'amba ina yachilendo, koma khamu la milalang'amba wamba limene ankaliyembekezera silinaoneke. Mbali ina vuto linali la zipangizo, poti matelesikopu a nthawiyo anali ochepa mphamvu, komanso milalang'amba yoyambirira inapezeka kuti ndi ing'onoing'ono kuposa mmene awiriwo ankaganizira. Mbali ina vuto lili m'kuwala kwenikweniko. Haidirojeni amene amabala Lyman-alpha ndi yemwenso amakugwira kukangotuluka, ndipo pafupifupi zonse zimene kuwalaku kwatiphunzitsa zokhudza chilengedwe chakale zachokera pa khalidwe lovutali.

Atomu ya haidirojeni ndi yosavuta kuposa ina iliyonse: pakati pali pulotoni imodzi, kunja kuli elekitironi imodzi. Pa maatomu 10 alionse m'chilengedwe, pafupifupi 9 ndi a haidirojeni. Elekitironiyo siikhala paliponse pamene yafuna. Ili ndi milingo ya mphamvu yoikika, woyamba, wachiwiri, wachitatu mpaka m'tsogolo, ndipo pakati pa milingoyi palibe pokhala, monga anafotokozera Niels Bohr mu 1913. Ikatsika kuchoka pa mulingo wapamwamba, mphamvu yotsalayo imatuluka ngati kachidutswa ka kuwala kotchedwa fotoni, ndipo poti kutalikirana kwa milingo sikusintha, funde la fotoniyo limakhalanso la utali wosasintha. Kutsika kuchoka pa mulingo wachiwiri kufika pa woyamba kumatulutsa fotoni ya mphamvu ya ma electron volt (muyezo wa mphamvu zing'onozing'ono za m'maatomu) 10.2, ya funde lotalika mananomita 121.6, ndipo ameneyu ndiye Lyman-alpha. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a mita. Diso la munthu limaona kuyambira pa mananomita pafupifupi 400, kumene buluu amathera, kufika pa 700, kumene kuli kufiira. Tsono 121.6 ali kutali ndithu kuseri kwa malire, m'dera la ultraviolet. Woyamba kukuyeza anali Theodore Lyman wa ku Harvard mu 1906, ndipo anachita kuchotsa mpweya m'makina ake oyezera, chifukwa mpweya umene timapumawu umameza kuwala kotere msangamsanga.

Kuti elekitironi itsike, iyenera kukwezedwa kaye, ndipo ntchitoyi amaigwira ndi nyenyezi zazikulu za gulu la O ndi B. Pamwamba pa Dzuwa pamatentha madigiri pafupifupi 5,500. Nyenyezi za gulu la O zimapitirira madigiri 30,000, ndipo kuwala kwawo kochuluka n'kwa mafunde afupi kuposa mananomita 91.2. Fotoni yotere ili ndi mphamvu yoposa ma electron volt 13.6, yokwanira kuthothola elekitironi pa atomu ya haidirojeni n'kuitaya kutali. Mtambo wozungulira nyenyezizo umasanduka chisakanizo cha mapulotoni ndi maelekitironi oyenda paokhapaokha, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 10,000. Pakapita nthawi pulotoni ina imakumana ndi elekitironi ina n'kuigwira. Kawirikawiri elekitironiyo imafikira pa mulingo wapamwamba, kenako n'kumatsika, kutulutsa kuwala pa kutsika kulikonse. Njira zotsikira n'zambiri, koma pa kugwirana kutatu kulikonse, kuwiri kumathera pa fotoni ya Lyman-alpha. Mphamvu imene nyenyezi inaimwaza m'mafunde osiyanasiyana, mtambowo umaisonkhanitsa n'kuitulutsira pa funde limodzi lopyapyala. Partridge ndi Peebles ankadalira chimenechi.

Nyenyezi zazikuluzi sizikhalitsa. Moyo wa Dzuwa ndi zaka pafupifupi 10 biliyoni, pamene nyenyezi ya gulu la O imamaliza zake m'zaka mamiliyoni ochepa chabe. Choncho mlalang'amba ukamawala Lyman-alpha chifukwa cha nyenyezi, ndiye kuti unkabala nyenyezi pa nthawi yomwe kuwalako kunkanyamuka.

Ulendo wotuluka

Fotoni yabadwa tsopano, ikufuna kutuluka mu mlalang'amba. Pafupifupi haidirojeni yense wozizira, ndiko kuti amene elekitironi yake sinathothoke, amene ili naye pafupi ali pa mulingo woyamba, ndipo mphamvu imene amafuna kuti akwere pa wachiwiri ndi 10.2 yomweyo. Fotoni ikangoyenda pang'ono imakumana ndi atomu yotere n'kumezedwa. Elekitironi imakwera, imakhala pamwambapo kwa nthawi yosakwana mananosekondi awiri, n'kutsikanso, kutulutsa fotoni ina ya mphamvu yonga yomweyo koma yolowera kwina kulikonse. Iyonso imamezedwa ndi atomu yapafupi. Zimapita choncho maulendo masauzande, ndipo mu mitambo yothithikana maulendo mamiliyoni. Kuwala kofiira kwa H-alpha, kwa kutsika kuchoka pa mulingo wachitatu kufika pa wachiwiri, kumene kumabadwira mu mtambo womwewo pa mananomita 656.3, kumadutsa haidirojeni wozizira osaima ayi, chifukwa kumamezedwa ndi atomu yokhayo imene elekitironi yake ili kale pa mulingo wachiwiri, ndipo zotere n'zosowa. Amene anaonapo nyali m'chifunga akudziwa chimene chimatsatira: nyali yeniyeniyo imazimirira, pamangotsala kuwala kofalikira kozungulira malo ake.

Nanga fotoniyo imatuluka bwanji? Imapulumukira pa kusakhazikika kwa maatomu. Atomu iliyonse ikuyenda, ina kulowera uku, ina uko, ndipo imene yameza fotoni ikuthamanga imaitulutsa funde litasintha pang'ono, litatalika kapena litafupika. Kawirikawiri kusinthaku n'kochepa ndipo fotoniyo imagwidwanso. Koma mwa apo ndi apo imakumana ndi atomu yothamanga kwambiri imene imaikankhira kutali ndi 121.6, kumene maatomu ena saizindikiranso, ndipo imadutsa. N'chifukwa chake kuwala kumene kwachokera mu mtambo wosayenda, ukakuyala malinga ndi utali wa mafunde, sikuonetsa nsonga imodzi pakati. Kumaonetsa nsonga ziwiri, ina kumbali ya mafunde afupi, ina kumbali ya aatali, pakati pali chigwa. Mtambo ukakhala wokhuthala, nsongazo zimatalikirana kwambiri.

Komatu mitambo yeniyeni siikhala chete. Mphepo za nyenyezi zazikulu ndi kuphulika kwa zimene zafa zimakankhira mpweya kunja kwa mlalang'amba pa liwiro la makilomita mazanamazana pa sekondi. Mpweya umene uli mbali yathu ukubwera kwa ife, ndipo umagwira mafotoni a mafunde afupi. Umene uli kuseri ukuthawa, ndipo fotoni imene yagunda kumeneko n'kubwerera kuno imabwera funde litatalika, moti mpweya wa mbali yathu suithanso kuigwira. Zotsatira zake, milalang'amba yambiri imaonetsa nsonga yaikulu kumbali ya kufiira, ina ija itafooka kapena itasoweratu. Woyeza akaona maonekedwe otere amadziwa kuti mpweya ukutuluka, ndipo angathe kuwerengetsa liwiro lake.

Ndiye pali fumbi. Tinthu ta fumbi ta kaboni ndi silikoni tikameza fotoni ya ultraviolet sitiibweza, timangotenthedwa n'kudzatulutsa kuwala kwa infrared, kwa mafunde aatali kupitirira kufiira. Fotoni imene imayenda molunjika ingathe kuzemba fumbi lochepa. Koma imene yazungulira mu mtambo maulendo miyandamiyanda yayenda mtunda wautali kwambiri, ndipo mwayi wokumana ndi kafumbi umakula moti fumbi lochepa lomwe limatha kuimaliza. Mu 2010 Matthew Hayes ndi anzake anayerekezera Lyman-alpha ndi H-alpha pa malo amodzi akumwamba, pa milalang'amba ya nthawi imene chilengedwe chinali ndi zaka pafupifupi 3 biliyoni. Anapeza kuti pa mafotoni 100 a Lyman-alpha amene anabadwa, pafupifupi 5 okha ndi amene anatuluka. Ndimaona kuti apa m'pamene owerenga nkhani za zakuthambo ayenera kuchenjera. Mlalang'amba wosaonetsa kuwalaku ungathe kukhala ukubala nyenyezi zochuluka zedi, ndipo wowala kwambiri ungakhale kamlalang'amba chabe kamene kali ndi fumbi lochepa ndi mipata yotulukira. Lyman-alpha amanena zambiri za mpweya umene wadutsamo kuposa za nyenyezi zimene zinamuyambitsa.

Kuwala kumene kwapulumuka zonsezi kukafika kuno kumapezanso mpweya wa dziko lathu, umene okosijeni wake amakumeza kusanafike pansi. Ngakhale pamwamba pa mpweyawo pali chosokoneza china: dziko lazunguliridwa ndi haidirojeni wopyapyala amene amawala Lyman-alpha wochokera ku Dzuwa, ndipo mu 1972 kamera imene anapanga George Carruthers inajambula kuwala kumeneku kuchokera pa Mwezi pa ulendo wa Apollo 16. Ndiye chodabwitsa n'chakuti milalang'amba yakutali ndi imene imaoneka mosavuta pa kuwalaku kuposa yapafupi. Chilengedwe chikufutukuka, ndipo funde limene lili pa ulendo limatambasuka nacho pamodzi. Kutambasukaku amakuyeza ndi nambala yotchedwa redshift, yolembedwa z: funde lofika ndi funde loyamba kuchulukitsa ndi 1 + z. Pa z = 2 Lyman-alpha amafika ali pa mananomita 365, ndipo amadutsa mpweya wathu. Pa z = 3 amakhala pa 486, mtundu wa buluu umene diso lingaone. Pa z = 7 wafika pa 973, wapitirira kufiira.

Chimene chinatsegula njira ndi magalasi aakulu ndi makamera amakono. Telesikopu ya Keck, ya galasi la mamita 10, inayamba ntchito mu 1993 pa phiri la Mauna Kea ku Hawaii, ndipo pofika 1998 Lennox Cowie ndi Esther Hu anali atapeza nayo khamu lija pa z = 3.4. Njira yake n'njosavuta kuimvetsa. Amajambula malo amodzi kawiri, koyamba ndi galasi losefa lolola mafunde ambiri, kachiwiri ndi lolola kadera kakang'ono chabe. Kadontho kamene n'kofooka pa chithunzi choyamba koma kowala pa chachiwiri kakutulutsa mphamvu zake zambiri pa funde limodzi. Telesikopu ya Subaru ya ku Japan, ya mamita 8.2, yomwenso ili pa Mauna Kea, inagwiritsa ntchito njirayi kupeza milalang'amba yotere masauzande. Mudzaona kuti m'nkhani zimenezi z = 5.7 ndi z = 6.6 amabwerabwera. Si kuti pa nthawi zimenezo kunachitika china chapadera. Usiku mpweya wathu umawala wokha pa mafunde ambiri a kupitirira kufiira, ndipo mipata yamdima ili pafupi ndi mananomita 816 ndi 921, pamene Lyman-alpha wa pa z ziwirizi amafikira. Mmenemo ndi mmene ofufuza amasuzumira. Mu 2006 Masanori Iye ndi anzake anapezera mu mpata wina wotere mlalang'amba wotchedwa IOK-1 pa z = 6.96, chilengedwe chisanakwanitse zaka 800 miliyoni.

Mzere umodzi wowala, ndiko kuti kuwala kwa pa funde limodzi lokha, ungathe kunamiza. Okosijeni wa mu mlalang'amba wapafupi, amene amawala pa mananomita 372.7, angatambasuke n'kudzagwera pa malo omwewo. Chimene chimathandiza kusiyanitsa ndi kupendekeka kuja: Lyman-alpha wakutali amaduka mwadzidzidzi kumbali ya mafunde afupi, n'kutsetsereka pang'onopang'ono kumbali inayo.

Milalang'amba yopezeka mwa njirayi yambiri ndi ing'onoing'ono, ya fumbi lochepa, yotambalala mtunda umene kuwala kumayenda pa zaka masauzande ochepa, pamene wathuwu ndi wa zaka pafupifupi 100,000. Koma mu 2000 Charles Steidel ndi anzake, akuyang'ana dera lotchedwa SSA22 pa z = 3.1, anapeza zimitambo ziwiri zowala Lyman-alpha, chachikulu chotambalala mtunda wa zaka 300,000 za ulendo wa kuwala. Panabuka mtsutso: kodi mpweyawo ukuwala wokha pamene ukugwera mkati n'kuzizira, kapena ukungomwaza kuwala kochokera ku milalang'amba yobisika pakati? Mu 2011 Matthew Hayes uja ndi anzake anayeza kumene mafunde a chimtambocho akuyang'ana, n'kupeza kuti andandalikana mozungulira pakati pake, monga kumachitira kuwala kumene kwachokera pakati n'kugunda maatomu panjira. Kenako kunabwera chipangizo cha MUSE, chimene chinayamba ntchito mu 2014 pa Very Large Telescope ku Paranal, m'dziko la Chile. Icho chimayala mafunde a kadontho kalikonse ka chithunzi nthawi imodzi. Lutz Wisotzki ndi anzake anaonetsa nacho kuti pafupifupi mlalang'amba uliwonse wotere wazunguliridwa ndi kuwala kofooka kwa Lyman-alpha kotambalala maulendo angapo kuposa nyenyezi zake, ndipo mu 2018 anawerengetsa kuti ukaphatikiza konse kwa pakati pa z = 3 ndi z = 6, kumaphimba pafupifupi thambo lonse. Mpweya wozungulira milalang'amba, umene imadya kuti ibale nyenyezi, sunkaoneka mwa njira ina iliyonse yolunjika chotere.

Pamene chilengedwe chinali chodzaza ndi haidirojeni wozizira

Chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 13.8 biliyoni. Poyamba chinali chotentha moti maelekitironi sankatha kukhazikika pa mapulotoni. Patapita zaka pafupifupi 380,000 chinazizira kufika pa madigiri 3,000, ndipo maatomu a haidirojeni anapangika. Ngakhale pamenepo Lyman-alpha anachedwetsa zinthu: atomu iliyonse imene inkatsikira pa mulingo woyamba inkatulutsa fotoni imene inkakwezanso inzake, monga anaonetsera Peebles mu 1968, komanso Yakov Zeldovich ndi anzake ku Moscow chaka chomwecho. Zitatha izi kunalibe nyenyezi kwa zaka mamiliyoni ambirimbiri. Koma lero pafupifupi haidirojeni yense wa pakati pa milalang'amba ndi wothothoka maelekitironi. Pali china chimene chinamuthotholanso, ndipo funso ndi lakuti zinachitika liti, nanga chinachita n'chiyani.

Mu 1965 James Gunn ndi Bruce Peterson anaona kuti quasar ingayankhe funsoli. Quasar ndi pakati pa mlalang'amba pamene black hole yaikulu, chinthu chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikutulukamo, ikumeza mpweya n'kumawala koopsa pa mafunde onse. Kuwala kwake kwa mafunde afupi kuposa 121.6 kumatambasuka panjira, ndipo funde lililonse limafika pa 121.6 pa malo ake ena a ulendowo. Ngati pamalopo pali haidirojeni wozizira, fundelo limachotsedwa. Mitambo yapatalipatali imasiya mizere yakuda yambirimbiri, imene amaitcha nkhalango ya Lyman-alpha, ndipo Roger Lynds anaifotokoza mu 1971. Koma haidirojeni wozizira akakhala paliponse, mizereyo imalumikizana n'kukhala mdima wosadukiza. Mdima wathunthu wotere unaoneka mu 2001, pamene Robert Becker ndi anzake anayeza quasar ya pa z = 6.28 yopezedwa ndi kafukufuku wa thambo wotchedwa Sloan Digital Sky Survey. Njirayi ili ndi polekezera pake. Lyman-alpha amagwidwa mosavuta kwambiri moti ngakhale atomu imodzi yokha pa 10,000 itakhala yozizira, mdimawo umakwanira kale. Choncho quasar imatiuza kuti kuthotholako kunkatha chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 1 biliyoni, koma siinena zambiri za pakati pa ntchitoyo.

Apa m'pamene milalang'amba ija imalowera. Kuyambira pa z = 3 kukwera mpaka 6, chiwerengero cha milalang'amba yoonetsa Lyman-alpha wamphamvu chimakwera, ndipo n'zomveka, poti tikamabwerera m'mbuyo fumbi limachepa. Koma kupitirira z = 6 chimatsika mwadzidzidzi, zimene magulu angapo anaziona cha m'ma 2010 mpaka 2012. Milalang'amba siingasinthe khalidwe m'zaka 200 miliyoni zokha mpaka kufika potero. Chimene chinasintha ndi mpweya wa pakati pake, umene pa nthawiyo mbali yake yaikulu inali isanathothoke. Kuthotholako sikunachitike paliponse nthawi imodzi. Gulu lililonse la milalang'amba linkatsegula thovu lakelake la mpweya wothothoka, mathovuwo n'kumakula mpaka kukumana. Fotoni ya Lyman-alpha yobadwira pakati pa thovu lalikulu imayenda nthawi yaitali isanafike m'malire, ndipo pofika kumeneko kufutukuka kwa chilengedwe kumakhala kutatalikitsa funde lake mokwanira kuti idutse. Ya m'thovu laling'ono imagwidwa. Motero mlalang'amba uliwonse woonetsa kuwalaku pa z = 7 kapena kupitirira ukutiuza kukula kwa thovu lake, ndipo uliwonse wosaonetsa ukuwonjezera umboni wa mpweya wozizira. Kuyeza kwa satelayiti ya Planck, kumene sikudalira Lyman-alpha mpang'ono pomwe, kumaika pakati pa ntchitoyi pafupi ndi z = 7.7, ndipo zimagwirizana.

Zosagwirizana nazo zilipo, ndipo ndi zimene zimakoka chidwi. Mu 2015 Adi Zitrin ndi anzake anapeza Lyman-alpha ndi Keck mu mlalang'amba wa EGSY8p7 pa z = 8.68, chilengedwe chisanakwanitse zaka 600 miliyoni. Telesikopu ya James Webb, ya galasi la mamita 6.5, imene inanyamuka pa 25 December 2021, inapitiriza. Mu 2023 inapeza Lyman-alpha mu mlalang'amba wa GN-z11 pa z = 10.6. Mu 2025 Joris Witstok ndi anzake analengeza za JADES-GS-z13-1 pa z = 13, zaka pafupifupi 330 miliyoni chichitikireni Big Bang, chiyambi cha chilengedwe, pamene fundelo limafika litatambasuka mpaka mananomita 1,700. Pa nthawi imeneyo pafupifupi mpweya wonse umayenera kukhala wozizira, koma mzerewo ndi wowala moonekeratu. Ndiye kuti kamlalang'ambako kanali katatsegula kale thovu lake. Ofufuzawo anapereka zifukwa ziwiri zotheka, nyenyezi zazikulu ndi zotentha kuposa zimene tazolowera, kapena black hole imene ikudya pakati pake.

Mawu oti nyenyezi zotentha modabwitsa akamveka, maganizo amathamangira ku nyenyezi zoyambirira zenizeni, za haidirojeni ndi heliyamu yekha, zimene palibe amene wazitsimikizira kuti waziona. Pano ndimakonda kukumbukira CR7, mlalang'amba wowala kwambiri Lyman-alpha pa z = 6.6 umene David Sobral ndi anzake anaulengeza mu 2015. Poyamba unkaoneka kuti ulibe zinthu zolemera kuposa heliyamu, ndipo nyuzi zinafalitsa kuti nyenyezi zoyambirira zapezeka. Patangopita zaka ziwiri matelesikopu a ALMA ku Chile anapezamo kaboni, amene amapangidwa m'kati mwa nyenyezi zimene zinakhalapo kale n'kufa. Mzere wa Lyman-alpha unali woona, koma tanthauzo limene unapatsidwa linathamanga kuposa umboni.

Funso loti chinathothola haidirojeni n'chiyani lili ndi vuto lakelake. Mafotoni othothola aja, a mafunde afupi kuposa 91.2, sangatifike kuchokera ku nthawi imeneyo, chifukwa mpweya wa panjira umawamaliza onse. Kuwerenga milalang'amba kokha sikukwanira, tiyenera kudziwa kuti ndi mafotoni angati amene ankatuluka mu mlalang'amba uliwonse m'malo momezedwa momwemo. Thandizo linachokera kumene palibe ankayembekezera. Mu 2007 anthu wamba ongodzipereka, amene ankathandiza kusanja zithunzi pa intaneti mu ntchito ya Galaxy Zoo, anayamba kusonkhanitsa timadontho tobiriwira tozungulira, timene anatitcha Green Peas. Tinapezeka kuti ndi timilalang'amba tapafupi, tothithikana, tobala nyenyezi mofulumira, tofanana kwambiri ndi takale tija. Poti tili pafupi, telesikopu ya Hubble imatha kuyeza zonse ziwiri, Lyman-alpha ndi mafotoni othothola. Anne Verhamme anali atawerengetsa kuti ziwirizi ziyenera kuyendera limodzi, ndipo kuyeza kwa Yuri Izotov ndi anzake kunavomereza: pamene nsonga ziwiri zija zayandikana, haidirojeni wozizira ndi wochepa panjira, ndipo mafotoni othothola amatuluka ambiri, m'timilalang'amba tina kupitirira theka. Chigwa cha pakati pa nsongazo chasanduka muyezo wa chinthu chimene sitingachione mwachindunji.

Kugwidwagwidwa kwa Lyman-alpha kumasiyanso chizindikiro pa atomu imene yamugwira. Mulingo woyamba wa haidirojeni ndi wogawika pawiri pang'ono zedi, malinga ndi mmene elekitironi yayang'anira poyerekeza ndi pulotoni, ndipo kusiyana kwa magawo awiriwa kumagwirizana ndi funde la wailesi la masentimita 21. Elekitironi imene yakwera kuchokera pa gawo lina ingathe kutsikira pa linzake. Siegfried Wouthuysen mu 1952 ndi George Field mu 1958 anaonetsa kuti Lyman-alpha akachuluka, kusinthanaku kumachititsa kuti funde la masentimita 21 litsatire kutentha kwenikweni kwa mpweyawo. Nyenyezi zoyamba zitangoyaka, mpweya unali wozizira kuposa kuwala kotsalira kwa Big Bang, choncho umayenera kuyamba kumeza kuwalako pa masentimita 21, n'kusiya kachigwa kamene lero kangapezeke pa mafunde a mamita angapo. Mu 2018 gulu la EDGES, limene chipangizo chake chili ku Western Australia, linalengeza kuti laona chigwa chotere pa ma megahertz 78, zimene zikuloza ku z = 17, zaka zopitirira pang'ono 200 miliyoni chichitikireni Big Bang. Koma chigwacho chinali chakuya kuwirikiza kawiri kuposa chimene masamu amalola, ndipo mu 2022 gulu la SARAS 3 ku India, limene linayandamitsa chipangizo chake pa madzi a nyanja kuti nthaka isasokoneze, silinachipeze. Zipangizo zina zokonzedwa kuti zifufuze chizindikirochi ndi HERA m'chipululu cha Karoo ku South Africa, komanso SKA-Low, imene ikumangidwa ku Western Australia kuti izimva mafunde a pakati pa ma megahertz 50 ndi 350.